Ndimutumize kwa agogo ake, kapena ndipirire naye konkuno?

Make Tadala, Leeds
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndati nane nditule mtolo wanga. Ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 6 ndi wamwamuna amene wangokwanitsa zaka 2 mu Okutobala. Tinabwera kuno ku UK mu 2022 pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, wamng'onoyu anabadwira konkuno. Ine ndimagwira usiku, kulowa 8 koloko madzulo kutuluka 8 koloko m'mawa, mausiku anayi pa sabata. Bambo ake amagwira masana. Iwo amaperekeza wamkuluyu kusukulu wamng'ono ali pachikuku, ine ndikatsika basi ndimakawapeza pageti, amandipatsira mwana pomwepo n'kuthamangira basi yawo. Banja lathu lonse limakumana pageti pa sukulu, mphindi zisanu, mvula ikuwaza.

Ndikafika kunyumba palibe zogona. Mwana wa zaka 2 sadziwa kuti mayi ake achezera usiku wonse kutembenuza nkhalamba. Ndimagona iye akagona, ola limodzi ndi theka tikachita mwayi. Lachiwiri lapitali ndinati ndingotsamira pasofa pang'ono. Ndinadzidzimuka 4 koloko itadutsa, kunja kutada kale, a kusukulu atayimba kasanu, mnyamata wanga ali pampando wakukhitchini akufikira ketulo. Sanapse, Mulungu ndi wabwino. Koma ndinanjenjemera mpaka kuntchito.

Ndinawauza amayi ku Ntcheu. Yankho lawo linali lalifupi: "Bwera naye kuno, udzamutenga akadzayamba sukulu." Bambo ake akugwirizana nazo. Ine mtima ukukana, koma thupi latopa. Amene munadutsamo ndiuzeni zoona, osati zondisangalatsa.

Nachisale, Manchester
Pepani asisi. Geti limenelo ndikulidziwa. Ife tinkapatsirana mwana pokwerera tram, ngati anthu opatsirana katundu wozembetsa. Chaka chathunthu ine ndi amuna anga sitinadyeko nsima mbale imodzi. Choyamba, musadzitenge ngati mayi woipa. Kwathu kugona masana mwana ali maso si nkhani, chifukwa pakhonde pali wina, kuseri kuli wina, mwana akalowera kumoto amakuwa ndi anthu atatu nthawi imodzi. Kuno maso ndi anu awiri okhawo, mukawatseka basi kwatha.

Nangondo, Johannesburg
Mwati tinene zoona, ndiye mundikhululukire. Ine ndinamusiya wanga kwa amayi ku Mangochi ali ndi chaka chimodzi ndi theka. Kuntchito za m'nyumba zomwe ndinkagwira kuno sakanandilola kukhala ndi mwana, ndipo kachipinda komwe tinkachita lendi tinali anthu anayi. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, zovala, nsapato, chilichonse. Nditapita kukamuona anathawira kumbuyo kwa agogo ake, atagwira chitenje, akundisuzumira ngati mlendo wodzagula mbuzi. Ankanditchula kuti anti. Amayi akamuuza kuti "amayi akotu awa" iye ankaseka, kuganiza kuti akumunamiza.

Pano ali ndi zaka 9, ndikukhala naye. Ndi mwana waulemu, amalankhula Chichewa ndi Chiyao bwinobwino, ntchito zapakhomo simuchita kumutuma. Zonsezo ndi mphatso ya amayi anga, sindingakane. Koma akadwala, usiku thupi litatentha, dzina lomwe amaitana si langa. Sindikuti musatumize. Ndikuti mudziwiretu mtengo wake, chifukwa sulembedwa pa tikiti.

Komanso ife a ku Joni tili ndi mwayi, basi imadzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete, masiku awiri wafika. Inu mpaka ndege ya ku Addis Ababa kapena Nairobi, anthu atatu. Mudzapita kangati pa zaka ziwirizo?

Achisale Aakulu, Leicester
Ana anga, musaope zinthu zomwe makolo athu anazichita kalekale. Kodi Amalawi tayamba lero kuyenda? Azibambo ankapita ku Halale, ku migodi ya ku Joni pa Wenela mpaka Kamuzu anaimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodiko itagwa ku Francistown. Ana ankatsala kumudzi n'kukula bwinobwino. Ine amene ndinaleredwa ndi agogo, bambo anga ndinawadziwa ndili Sitandade 3. Ndinapenga? Mwana wa kwa agogo amadziwa kwawo, amadziwa chilankhulo, amadziwa kugwada. Awa tikulera kunowa akumatiitana mayina ngati anzawo a mpira. Tumizani mwanayo, Make Tadala, akadye mbatata ya ku Ntcheu.

Nachisale, Manchester
Achisale, ndi ulemu wonse, amene anapita ku Halale anali bambo anu. Amayi anu anali kuti?

Achisale Aakulu, Leicester
Anali pamudzi pomwepo, nyumba yoyandikana ndi ya agogo.

Nachisale, Manchester
Ndiye nkhani yake ndi yosiyanatu, achimwene. Inu simunasiyidwe, munangosamukira nyumba yomwe inali ndi ndiwo zokoma.

Bambo a Yankho, Nottingham
Za mtima ndisiyira amayi, ine ndinene za mapepala, chifukwa anthu ambiri timazikumbukira mochedwa. Kubadwira ku UK sikumupatsa mwana unzika, lamulo limenelo linasintha kuyambira 1983. Mwana wanuyo ali pa viza yodalira yanu. Pali njira ziwiri zoti adzakhale nzika: inu kapena bambo ake mukadzalandira chilolezo chokhazikika, kapena iye akakhala kuno zaka 10 zoyambirira za moyo wake. Njira yachiwiriyi imafuna kuti asakhale kunja masiku oposa 90 pa chaka chilichonse. Akakhala ku Ntcheu zaka ziwiri, khomo limenelo mwalitseka nokha. Chinanso, kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene pa ntchito yosamalira okalamba saloledwanso kubweretsa mabanja. Inu munalowa lamulolo lisanabwere, koma mwaona mmene malamulo a viza akusinthira chaka ndi chaka. Musanagule tikiti, kakhaleni pansi ndi loya wa za imigireshoni akuuzeni mmene mwanayo adzabwerere. Kutumiza n'kosavuta, kubweza ndiye nkhani.

Za nazale: maola 15 aulere pa sabata, masabata 38 pa chaka, ndi a mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4 ku England, ngakhale viza yanu yalembedwa kuti simuloledwa thandizo la boma. Amayamba teremu yotsatira tsiku lobadwa, ndiye wanu wa Okutobalayu adzayamba Januwale atakwanitsa zaka 3. Maola 30 aulere omwe makolo ogwira ntchito amalandira, anthu a viza ngati yathu sitipata. Koma alipo maola 15 a ana a zaka 2 omwe mabanja ngati athu amatha kulandira ngati ndalama za banja lonse sizikuposa £30,600 pa chaka, kunja kwa London, ana awiri kapena kuposa. Kafunseni ku khonsolo.

Make Tadala, Leeds
Zikomo kwambiri bambo. Za masiku 90 sindinkazidziwa n'komwe. Za £30,600 zo tinafunsa kale, tikaphatikiza malipiro a tonse awiri tikudutsa. Ndiye ndife olemera kwambiri kuti atithandize, koma nazale ya tsiku lonse itatiuza mtengo wake ndinaona kuti ndizigwirira ntchito nazaleyo. Januwale ameneyo ali kutali, miyezi 14. Ndikawerenga mausiku ake mutu umandizungulira.

Anambewe, Glasgow
Samukirani kuno ku Scotland, maola aulere a nazale a ana a zaka 3 ndi 4 ndi 1,140 pa chaka, pafupifupi 30 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo chakudya cha kusukulu n'chaulere mpaka P5, kalasi yachisanu ya pulayimale. Kungoti dzuwa mudzalitsanzike.

Koma zoona, asisi, chomwe chandiopsa pa nkhani yanu si ketulo yokha, ndi mafoni asanu a kusukuluwo. Kuno amalemba chilichonse. Mukachedwa kawiri katatu, nkhani imafika kwa a social, a boma oona za chisamaliro cha ana. Ine anandifikapo pakhomo, ndipo chifukwa chake mukachimva museka. Mnyamata wanga anataya juzi yachitatu teremu imodzi, ndiye m'mawa ndikumuvala ndinati, "Ukatayenso imeneyi ndikupha." Mmene timanenera kwathu muja, mawu omwe tonsefe tinakula nawo ndipo tili moyo. Mwana anakataya juziyo, n'kuyamba kulira m'kalasi, aphunzitsi atamufunsa anawamasulira mawu anga mu Chingerezi ndendende. Madzulo ake kunabwera azimayi awiri ndi mafayilo. Ndinachita kufotokoza kuti pa Chichewa munthu amafa ndi njala, amafa ndi kuseka, amaphedwa chifukwa cha juzi, koma maliro sachitika. Mmodzi anamwetulira, winayo ankangolemba. Anayang'ana m'firiji, anayang'ana pogona ana, analankhula ndi mwana payekha. Inatha bwino, koma sabata imeneyo sindinadye.

Ndiye pitani kusukuluko nokha musanaitanidwe. Kawauzeni kuti mumagwira usiku, zinachitika kamodzi, ndipo apatseni fomu mulembe munthu wina wachitatu woti azimuimbira. Akaona kuti mukukonza amafewa. Chomwe sakonda ndi kubisa.

Achisale Aakulu, Leicester
Mwaonatu. Dziko loti mayi sangadzudzule mwana wake. N'chifukwa chake ndikuti atumize.

Anambewe, Glasgow
Kudzudzula saletsa, Achisale, chomwe analetsa ndi dzanja. Kuno ku Scotland kumenya mwana mwa mtundu uliwonse ndi mlandu kuyambira Novembala 2020, ku Wales kuyambira Malichi 2022. Kwanu ku England lamulo likadasiyako kampata kakang'ono, koma pakangooneka chipsera mwalowa m'madzi. Ine poyamba ndinkaona ngati andilanda udindo. Pano ndimalanda tabuleti. Mwana amalira kuposa mmene ife tinkalirira ndi kamtengo ka pichesi.

Nangondo, Johannesburg
Ngakhale kuno khoti lalikulu linaletsa mu 2019. Zafika paliponse izi.

Nagama, Leeds
Bwanji osawaitanitsa amayiwo abwere iwo? Viza ya alendo imalola mpaka miyezi 6.

Make Tadala, Leeds
Ndinawafunsa. Anandiseka. Akuti mvula yayamba kugunda, mbewu agula kale, ndiye asiye munda adzakhale m'nyumba yotseka mawindo? Mwina Juni akakolola.

Nachisale, Manchester
Amayi anu ndi anzeru. Apongozi anga tinawavutikira, kukanizidwa viza kawiri, kachitatu anapatsidwa, anafika mu Disembala. Sabata yoyamba ankangoima pawindo kudikira kuti kuche bwinobwino, osadziwa kuti kwacha kale ndipo kukuda. Anafunsa kuti anthu a m'dera lino anasamuka? Chifukwa sanaone munthu atakhala panja. Anamubereka mdzukulu kumbuyo ndi chitenje n'kupita naye kupaki, azungu ena kuwajambula, ena kuwafunsa ngati mwanayo akupuma. Mwezi wachitatu anayamba kudwala zosaoneka. Koma ndinene chilungamo, miyezi imeneyo ndi yomwe ndinagona tulo teniteni chibwerereni, ndipo mwana wanga mawu ake oyamba a Chichewa anawatola kwa iwo. Mpaka lero madzi amati madzi, ngakhale china chilichonse amayankha pa Chingerezi.

Bambo a Yankho, Nottingham
Nkhani ya chilankhuloyi imandiwawa ine. Lamlungu lililonse timaimba video kwa agogo ku Zomba. Agogo amati "Muli bwanji a Yankho?" iye amati "Ndili bwino, kaya inu," mawu omwe tinamuloweza ngati vesi la Sande sukulu. Zikatha pamenepo onse awiri amangoyang'anana n'kumamwetulira, mpaka mayunitsi a agogo atha. Vuto ndi lathu lomwe. Timafika titatopa, ndiye chilankhulo chomwe mwana amvere msanga ndi chomwe timagwiritsa ntchito. Chichewa chimatsalira pokalipa pokha. Mwana wanga amadziwa "khala pansi", "takhala chete" ndi "ndikuona". Angachikonde bwanji chilankhulo chomwe amachimva akalakwa basi?

Komanso aphunzitsi anatiitana kuti mwana sawayang'ana m'maso akamalankhula naye, mwina ali ndi vuto. Ndinati ayi, ameneyo ndi ulemu, tinamuphunzitsa ndife. Pano mwana ali ndi ntchito yokumbukira kuti kusukulu ayang'ane m'maso, kunyumba ayang'ane pansi. Zaka 7.

Nagama, Leeds
Ndibwerere kwa Make Tadala, chifukwa tayamba kuthawa nkhani. Asisi, ndikufunseni funso, musakwiye. Mausiku anayiwo onse ndi a pa contract?

Make Tadala, Leeds
Atatu. Wachinayi ndi ovataimu.

Nagama, Leeds
Ndipo ndalama ya usiku wachinayiwo imapita kuti?

Make Tadala, Leeds
Mwandigwira. Fizi ya ana awiri a achimwene anga omwe anamwalira, ndi nyumba yomwe tikumanga ku Lilongwe. Yafika pa lintala.

Nagama, Leeds
Ndinadziwa, chifukwa nanenso ndi momwemo. Tonse pano tili ndi nyumba ya pa lintala kwinakwake. Fizi ya ana amasiye sindingaikhudze, imeneyo ndi ngongole ya magazi. Koma njerwa sizilira usiku, asisi. Njerwa zikhoza kudikira miyezi 14, sizidzakutchulani anti. Taganizani bwino zomwe mukufuna kuchitazi: kutumiza mwana ku Malawi kuti mupeze mpata wogwira ntchito yomangira nyumba ku Malawi, nyumba yoti mwanayo adzakhalemo tsiku lina. Ine ndinaimitsa yanga chaka chatha. Abale analankhula, akuti a ku UK ndalama zawathera. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 aliyense kumudzi amawerengera paundi pa foni, amadziwa reti kuposa ine, koma palibe amene amawerengera maola omwe ndagona. Ndinawasiya alankhule.

Chachiwiri, ndipo apa abambo a pagulu mundipirire. Viza yomangidwa kwa bwana mmodzi ndi yanu. Bambo a Tadala ali pa viza yodalira yanu, akhoza kugwira ntchito kwina kulikonse, maola alionse. Ndiye bwanji amene akusinthasintha tulo ndinu? Sangapeze mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu, kapena olowa masana, kuti m'mawa muzigona maola anayi okha?

Bambo a Yankho, Nottingham
Apa ndivomere. Ine ndinachita zimenezo, ndinasiya ya masana n'kutenga ya kumapeto kwa sabata. Ndalama inatsika, ndipo kunena zoona chinandivuta kwambiri si ndalama, chinali kukankha chikuku pa 10 koloko m'mawa Lachitatu, ndili bambo ndekha pakati pa azimayi ku playgroup ya kutchalitchi. Ndinkaganiza kuti anzanga a ku Chinamwali atandiona angati chiyani. Palibe anandiona. Thewera ndimasintha ndi dzanja limodzi pano.

Achisale Aakulu, Leicester
Dziko latembenuka.

Anambewe, Glasgow
Latembenuka ndithu, Achisale, gwirani chipewa.

Make Tadala, Leeds
Nkhani ya mashifiti a bambo ake sitinaikambepo bwinobwino. Tikambirana nthawi yanji, pageti? Ndipo musawaone ngati oipa, akafika 6 koloko amaphika, amasambitsa ana, ine ndimagona ola limodzi ndisananyamuke. Nawonso atopa. Kungoti iwo anakulira kwa agogo awo ku Dedza ndipo amakukumbukira ngati kumwamba, ndiye saona chovuta. Ine ndimaganiza za malungo. Mwana wobadwira kuno, thupi lake silinakumaneko ndi udzudzu, chipatala chili pa mtunda wa njinga. Amayi ali ndi zaka 67. Angathamangitsane ndi mnyamata amene amakwera mipando?

Komanso Tadala. Usiku wina anatimva tikukambirana, m'mawa anandifunsa kuti, "Nanenso ndikavuta mudzanditumiza?" Ndinasowa choyankha.

Nangondo, Johannesburg
Funso limenelo musalipeputse. Wanga wachiwiri, amene sindinamusiyepo, ndi amene amandigwira chitenje ndikangotenga chikwama.

Nachisale, Manchester
Kanthu kena kakang'ono, poti mwatchula kutopa. Kapimitseni magazi kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. Ife akhungu lakuda dzuwa la kuno silitikwanira, vitamin D amatsika, ndiye ukaphatikiza ndi kugwira usiku umangokhala ngati wamenyedwa. Ine ndinkaganiza kuti ndi ulesi. Mwanayonso azimwa timadontho take tsiku lililonse, a health visitor, anamwino oyendera ana aang'ono, amanena zimenezo kwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4. Sizichotsa vuto lanu koma mwina muziona msewu bwino.

Nagama, Leeds
Make Tadala, muli mbali iti ya Leeds? Ine ndili ku Beeston. Ndimapuma Lachitatu ndi Lachinayi, ndipo ndili ndi wa zaka 3 amene amasowa mnzake, amangolankhula ndi TV. Mubwere naye wanuyo mukatuluka kuntchito, mukagone mpaka 2 koloko. Inu mudzanditengere wanga Loweruka, chifukwa tsiku limenelo ndi lomwe limandisautsa. Chipereganyu cha ana, ngati mmene timachitira cha ndalama.

Bambo a Yankho, Nottingham
Zimenezo ndi zololedwa bola pasadutse ndalama. Mabwenzi kusinthana kulera ana safunika kulembetsa. Koma mukayamba kulipirana, mwana wosakwana zaka 8, kupitirira maola awiri pa tsiku m'nyumba mwa wolerayo, pamafunika kulembetsa ku Ofsted, bungwe la boma loyendera masukulu ndi olera ana. Ndiye musapatsane ya sopo.

Nagama, Leeds
Ya sopo ayi. Koma usipa ukabwera kuchokera kumudzi sindikana, lamulo la usipa sindinalimve.

Achisale Aakulu, Leicester
Chabwino, ndagonja theka. Komabe mwanayo adzapite kumudzi ndithu, ngakhale mwezi umodzi wa holide, akaone kumene mchombo wa amayi ake unakwiriridwa. Ndipo a Nagama, muzimulankhula Chichewa mwanayo Lachitatu lililonse, osati za pa TV zija.

Anambewe, Glasgow
Holide yake ikhale ya Ogasiti, Achisale. Kwanuko mukamuchotsa Tadala pakati pa teremu ndi £80 kholo lililonse, mukachedwa kulipira £160.

Make Tadala, Leeds
Ndili ku Harehills, a Nagama, mabasi awiri koma ndifika. Ndakulemberani kumbali. Sindinganame kuti ndaganiza kale chochita, amayi ndiwaimbira Lamlungu ndipo ndikudziwa kuti adzati ndikuwakayikira kulera, iwo amene analera ana 7. Bambo ake ndawatumizira zonse mwalembazi kuti awerenge pa basi. Angoyankha kuti "tikambirana", ndiye kaya. Usiku wachinayi uja ndauza kale a manejala kuti mwezi wamawa asandiikepo. Amisiri ku Lilongwe adikire.

Ndathawa, 7 koloko yakwana, yunifolomu sindinasite.

Nagama, Leeds
Lachitatu ndikudikirani. Mubwere ndi matewera ake ndi kabulangete komwe amagona nako. Ufa wa phala ndili nawo, wa mgaiwa weniweni, nsinjiro zomwe.